Thumba la Majezi pa Khomo la Kuseri

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. A tcheya andinong'oneza kuti ndisatalikitse, chifukwa ena muli ndi shifiti madzulo ano ndipo basi ya ku Bolton sidikira munthu. Ndiyesetsa, koma mundikhululukire, ife a ku Ntchisi nkhani sitiyambira kumchira.

Ndine Fanuel. Ambiri mumandidziwa kuti bambo a Tadala. Ena muli ndi dzina lina limene mumanditchula ndikapotoloka, ndipo sindikukwiyirani, linali loona. Ndinali chidakwa. Sindikunena zolawako pa ukwati ayi, ndikunena chidakwa chothamangitsidwa pakhomo pake. Ndaimirira pano kuti ndikuuzeni mmene ndinatulukira m'nyumba mwanga ku Sheffield, ndi njira yokhotakhota imene ndikubwererako. Njirayo inadzera ku mpira wa ku Australia. Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Sungani phwetelo, poseka penipeni sitinafike.

Kwathu ndinali goloboyi wa timu ya m'mudzi. Loweruka likakwana mudzi wonse unkatsikira ku galaundi, amayi ndi mabeseni a zitumbuwa, madala ndi timipando tawo, ana pamwamba pa chulu. Mowa tinkamwa, sindikana. Koma unali mowa wa pamaso pa anthu. Ukapitirira muyeso, mlamu wako ankakulanda chipanda n'kukuperekeza mpaka pakhomo, mawa lake n'kudzakuseka.

Kuno anayamba kubwera ndi mayi a Tadala, pa ntchito yosamalira okalamba. Ine ndi mwana tinatsatira m'mbuyo. Nanenso ndinapeza ntchito yoyendera nkhalamba m'makomo mwawo, ya pagalimoto ija. Ntchito inalipo, chakudya chinalipo, koma Loweruka linasowa. Mayi ali ku shifiti, mwana ali pa foni, ine ndili pawindo kuonerera mvula. Pakona pa msewu wathu panali kashopu. Mwini wake sakufunsa ngati akunyumba akudziwa, amangokufunsa ngati ukufuna jumbo.

Zinayamba ndi kachitini kamodzi ndikaweruka. Kenaka botolo kumbuyo kwa galimoto. Kenaka ndinayamba kuthira vodika m'botolo la madzi, n'kumayenda nalo ngati munthu wosamala za thanzi lake. M'mawa wina apolisi anandiimitsa ndikupita kukasambitsa agogo ena, n'kundiuza kuti ndipumire m'kachipangizo kawo kaja. Laisensi inapita. Ntchito inatsatira laisensi. Ndinatsala pakhomo, ndipo ntchito yanga yokhayo inali kukatenga Tadala kusukulu. Imeneyonso inandikanika. Tsiku lina ndinafika pageti ndikudzandira, aphunzitsi anakana kundipatsa mwana, ndipo sabata isanathe kunyumba kunabwera a boma oona za ana, ndi nkhope zaulemu ndi mafunso osatha.

Atapita, mayi a Tadala sanakuwe. Akanakuwa bwenzi ndikanapeza poyankhira. Anangolongedza zovala zanga n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, anthu awa akabweranso adzabwerera mwana. Musandiuze kuti ndisankhe pakati pa inu ndi iye, chifukwa yankho mukulidziwa kale."

Ndinatuluka ndikutukwana. Ndinanena kuti Ulaya wawononga akazi. Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi mpaka m'mapazi.

Ananditola ndi Mulenga, mnzanga wa ku Zambia amene tinadziwana kutchalitchi. Ndi munthu wamtali ngati mlongoti, amagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba m'kamudzi kena kunja kwa Sheffield, kumapiri kumene kuli nkhosa zambiri kuposa anthu. Anandipatsa sofa m'kafulati kake. Ine ndinamuthokoza pomumwera vinyo amene bwana wake anamupatsa pa Khirisimasi. Kuyambira pamenepo sankafuna kundisiya ndekha m'nyumba. Loweruka lina anandivundukula bulangete.

"Mudala, nyamukani. Siningakusiyeni mweka muno. Tiyeni ku bola."

Nditamva mawu akuti bola, ndinadzuka msanga. Ndinaponya kabotolo m'thumba la jekete n'kumutsatira. Tinakwera basi mpaka nyumba zinatha, tinatsala ndi mipanda ya miyala. Galaundi yake inali busa la nkhosa. Anthu anali kutola ndowe ndi mafosholo masewero asanayambe. Mbali iliyonse kunali mapolo anayi, aatali awiri pakati, aafupi awiri m'mbali, opanda mtanda, opanda ukonde. Mpira wake wooneka ngati papaya, ndipo ukagunda pansi sudziwa kumene ulowere. Nditauona ukudumpha ndinati uwu ndi m'bale wanga, timayenda mofanana.

Timuyi anaiyambitsa ndi a Barry, bambo wachikulire wa ku Australia. Anabwera kuno kalekale kudzameta nkhosa, n'kukwatira mayi wa m'mudzimo, osabwereranso. Osewera ake anali ana a alimi, wokonza mapaipi, mphunzitsi mmodzi, ndi Mulenga amene anamukokera chifukwa cha msinkhu. Kwa a Barry munthu sangoima n'kumaonerera. Ukangofika pagalaundi upatsidwa chochita, kaya kudula malalanje, kaya kuthamangitsa madzi. Tsiku limenelo ankasowa woimirira pagolo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiveka chikhothi choyera ngati cha dokotala ndi kundipatsa timbendera tiwiri.

"Ntchito yako ndi yophweka," anatero m'Chingerezi chawo chotafuna mawu. "Ima kumbuyo kwa mzere. Mpira ukadutsa pakati pa mapolo aatali, ndi mapointi asanu ndi imodzi, kweza mbendera zonse. Ukadutsa m'mbalimu ndi imodzi, kweza imodzi. Masewero ano alibe goloboyi. Iwe uzingoona."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinaima pamenepo masana onse, ndikukweza mbendera, ndipo anthu akayang'ana kumbali ndinkapsontha kabotolo kanga. Chakumapeto timu yathu inali kumbuyo pang'ono, moti chigoli chimodzi chikanatipambanitsa. Mulenga anawakha mpira m'malere, n'kuumenya ali patali. Sunakwere. Unabwera chapansipansi, ukudumphadumpha, ukulunjika pakati penipeni pa mapolo aatali, ndipo panalibe mdani aliyense pafupi.

Abale anga, mutu unali utamva malamulo, koma thupi linali ku Ntchisi. Ndinangozindikira ndili m'malere. Mbendera ina uko, ina uko, chikhothi chili pekupeku. Ndinaugwira mpira uja usanadutse mzere, ndinaukumbatira pachifuwa, ndipo ndinakuwa ngati kale kuti, "Wanga!" Nthawi yomweyo mkazi wa a Barry analiza hutala ya galimoto, kusonyeza kuti masewero atha.

Sekani tsopano, apa ndiye pake.

Pagalaundi panangoti zii. Ndinadzuka ndi matope kumaso n'kuzindikira chimene ndachita. Kwathu woimbira akalakwitsa chotero salankhula zambiri, amalowa m'chimanga. Ndinayang'ana uku ndi uku, chimanga kulibe, kuli mipanda ya miyala ndi nkhosa zikundiyang'ana. A timu ya alendo anachita chisoni, anati chigolicho chiwerengedwe basi. A Barry anakana. Anati woimirira pagolo ndi wathu, mpira sunadutse mzere, ndiye taluza. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Anyamata a timu yathu anandikokera m'kashedi kamene amavuliramo. Ndinkadikira chibakera, kapena mawu aja amene ena a ife tinawamvapo m'mabasi. M'malo mwake wokonza mapaipi uja anayamba kuyerekeza mmene ndinadumphira, ndipo anthu anaseka mpaka misozi. Kenaka a Barry anakoka chithumba chachikulu n'kuchiika pamapazi panga. Munali majezi onse a timu, onyowa, odzaza matope ndi ndowe. Anandifotokozera mwambo wawo, umene anabwera nawo kuchokera kumudzi kwawo. Amene wachita chopusa choposa onse pa Loweruka ndiye amasenza thumba, kukachapa, n'kulibweretsa Loweruka linalo.

Mulenga anadzuka msanga. Analankhula motsitsa mawu, koma ndinamva. Anati, "Musamupatse uyu. Ali ndi vuto la mowa. Majezi aya ndi okhawa amene tili nawo."

"Ndikudziwa," anayankha a Barry. "Ndinamva fungo pomuveka chikhothi. Koma mwambo sufunsa zimenezo. Thumba ndi lake."

Anatinyamula pa galimoto yawo yonunkha nkhosa kukatitula pa siteji ya basi. M'njira anandiuza mosabisa mmene zinthu zinalili. Chaka chimenecho anali atalephera kale kutulutsa timu kangapo chifukwa chosowa anthu, ndipo oyendetsa ligi anawachenjeza kuti zikachitikanso awachotsa. Majezi akapanda kufika, masewero kulibe, timu yatha. Ndinawafunsa chifukwa chimene munthu wamkulu ngati iwo amavutikira ndi masewero amene ngakhale Angerezi eni dziko sawadziwa.

Poyankha anandiuza za kwawo. Kamudzi ka alimi a tirigu, kutali ndi tauni. Minda inayamba kugulidwa ndi anthu ochepa, makina analowa m'malo mwa anthu, achinyamata anathawira m'mizinda. Timu yawo inayamba yaphatikizana ndi ya mudzi woyandikana nawo, anthu amene ankadana nawo chibadwire. Patapita zaka, yophatikizanayo inafanso.

"Tsiku limene tinazula mapolo ndinkaganiza kuti tataya mpira chabe," anatero. "Sindinadziwe kuti Loweruka ndi pamene tinkawerengana. Munthu akapanda kubwera, wina ankapita kukamuona. Timu itatha, mkulu wanga anatsala yekha pafamu ndi botolo. Panalibenso poonera kuti sanabwere. Tinamupeza mochedwa."

Ine ndinakumbukira galaundi yathu ya ku Ntchisi. Ulendo womaliza umene ndinapita kumudzi ndinapeza ataiduladula mapuloti, anyamata onse ali ku Joni, ndipo anzanga awiri amene ndinkasewera nawo anali atagona kumanda chifukwa cha kachasu. Ndinkaganiza kuti limeneli ndi tsoka la ife osauka. Ndinadabwa kulimva m'kamwa mwa mzungu wa kutsidya lina la dziko.

Musaganize kuti ndinatsika galimoto ija ndili munthu watsopano. Thumba ndinaliponya kuseri kwa sofa n'kupitiriza kumwa. Pofika pakati pa sabata fulati yonse inali kununkha khola. Makina ochapira a Mulenga anali atafa kalekale. Ndinasenza thumba kupita kochapitsa zovala kolipira kuja. Mayi wa pamenepo anangotsegula zipi n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno, n'kundilozera khomo. Ndinati palibe kanthu, ine ndinakula ndikuchapa pamwala. Ndinawachapa pamanja m'bafa mpaka bafa linatsekeka ndi matope. Kenaka ndinachita chimene Mmalawi aliyense akanachita, ndinakawayanika panja kuti aume ndi dzuwa. Dzuwa la ku Sheffield. Anagona pachingwe akuvumbwa, ndipo pofika Lachisanu anali onyowa kuposa mmene ndinawalandirira, fungo lili pomwepo.

Lachisanu limenelo ndilo ndikufuna mulimvetse. Kuyambira pamene ndinayamba kulimbana ndi majezi aja sindinamwe, osati chifukwa cha kulapa, koma manja anali otanganidwa ndipo mantha anandigwira. Tsopano manja omwewo anali kunjenjemera. Ndinatuluka ndi thumba paphewa, madzi akudontha kumsana. Kumanzere kunali shopu, kumanja kunali siteji ya basi. Ndinkadziwa nyumba imodzi yokha mu Sheffield monse imene inali ndi makina ochapa ndi kuumitsa, imene ndikanagogoda, ndipo inali nyumba imene ndinatulukamo ndikutukwana. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti ndi masewero a azungu awa, akandichotsa ndataya chiyani. Koma ndinkangoona a Barry akuuza Mulenga kuti thumba ndi lake. Panali patapita nthawi yaitali munthu asanandisungitse kanthu, ngakhale kiyi wa bafa. Basi inabwera ndipo ndinakwera.

Mayi a Tadala anali pa ofu. Anatsegula chitseko pang'ono, tcheni chili chokoleka.

"Mwabwerera chiyani?"

"Sindinabwerere kudzavuta, mayi. Ndikupempha makina."

"Makina?"

Ndinatsegula thumba. Anayang'ana majezi, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti akuganiza kuti mutu wanga wazungulira tsopano. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za kudumpha kuja. Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono ngati afuna kuseka, koma anadzigwira.

"Sunthirani kuno. Pumani."

Ndinawapumira kumaso, ine bambo wa pakhomo, ngati mwana amene akumuganizira kuti waba shuga. Ananunkhiza kawiri. Kenaka anati, "Zungulirani kuseri. Muthere kukhitchini, pabalaza musapondepo. Ndipo mwana asanaweruke mukhale mutapita. Sindikufuna ayambe kuyembekezera zinthu."

Mukudziwa nyumba zathu zogundizana zija, kuti ufike kuseri umadutsa m'kanjira ka mabini. Ndinadutsa m'menemo ndi thumba langa. Ndinakhala pa mpando wa kukhitchini makina akuzungulira. Iwo anali kusita yunifomu yawo. Sitinalankhulane. Koma ndinaona zojambula za Tadala pafiriji, ndinaona kuti babu la pamwamba pa sinki lapsa ndipo palibe walisintha, ndinaona kuti mkazi wanga waonda. Ndinalira mwakachetechete, nkhope nditalozetsa ku makina.

Loweruka majezi anafika, oyera, opindidwa bwino. Tinaluzanso, koma tinasewera. Tsiku limenelo chopusa anachita ndi mphunzitsi uja, anathamangira ku golo yolakwika. Pamene ankamupatsa thumba ndinakweza dzanja n'kupempha kuti andipatse ine. M'shedi monse anandiyang'ana ngati ndapenga. A Barry anati chiyambire sanaonepo munthu wopempha thumba. Sindinawauze chifukwa chake. Thumba lija ndilo linali chiphaso changa cholowera kukhitchini kwa mkazi wanga, ndipo kuti ndilowe ndinkayenera kufika ndi mpweya woyera.

Zinayenda choncho masabata angapo, kenaka ndinagwa. Sindikubisirani, chifukwa amene amakuuzani kuti anasiya tsiku limodzi osacheukanso mwina ndi oyera mtima kuposa ine. Lachinayi lina ndinakumana ndi anzanga akale, ndipo Lachisanu ndinafika pakhomo la kuseri nditatafuna chingamu chambiri. Mayi a Tadala sanandiuze n'komwe kuti ndipume. Anandiyang'ana m'maso n'kutseka chitseko. Loweruka anyamata anavala majezi onunkha a sabata yatha. Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Ndinauza a Barry kuti apatse wina thumba.

"M'masewero athu ukaphonya pang'ono timakupatsabe imodzi," anatero. "Koma sitiima kuti tikulire. Mpira umabwerera m'bwalo nthawi yomweyo. Tenga thumba, ndipo Lolemba upite kwa dokotala. Ine ndimameta nkhosa, matenda akowa sindingawathe."

Tsono apa ndi pamene ndikufuna amene muli m'madzi omwewa mutchere khutu, chifukwa ndikudziwa kuti mulipo. Ndikukuonani, ena mwakhala kumbuyo dala.

Ndinapita kwa dokotala n'kunena zoona za kuchuluka kwa mowa umene ndinkamwa. Anandiuza kuti kusiya mwadzidzidzi pawekha, thupi litazolowera chotero, kungathe kukugwetsa, ndipo kunjenjemera kuja sikunali kwa masewera. Anandithandiza kutsika pang'onopang'ono, n'kunditumiza ku gulu la anthu a vuto ngati langa. Ndinkachita manyazi kukhala pakati pa azungu n'kumaulula za m'nyumba. Ndinapeza kuti mabodza amene ndinkanama ine ndi omwewo ankanama iwo, kusiyana chilankhulo chokha. Pemphero sindinasiye, ndipo musandimve molakwa a mbusa, koma Mulungu yemweyo ndiye analenga madokotala.

Ndinasintha njira. Siteji ya basi ya pafupi ndi shopu ndinaisiya, ndimayenda mpaka ya kutsogolo ngakhale kukugwa mvula. Anzanga a Lachinayi aja ndinawauza pamaso kuti asandiimbirenso, ndipo mmodzi mpaka lero sandipatsa moni. Mulenga ndinamupatsa ufulu wondisecha m'matumba nthawi iliyonse, ndipo amaugwiritsa ntchito mopitirira muyeso, Mzambia ameneyu. Iye yemweyo ndiye anandipezera ntchito kumene amagwira. Mukudziwa ya chiyani? Yochapa zovala za okalamba. Anauza abwana ake kuti ali ndi munthu wodziwa kuchotsa ndowe ya nkhosa pa nsalu, ndiye zinazi sizingamuvute.

Chachikulu pa zonse, ndinapeza malo amene ndikapanda kufika anthu amadziwa. Abambo anzanga, kuno timafa ndi kusaoneka. Amayiwa ali ndi magulu awo, amaimbirana, amadziwa amene wadwala. Ife timangoti tili bwino, tili bwino, mpaka apolisi ndiwo amayamba kudziwa. Kutchalitchi ukhoza kubisala, umavala suti n'kukhala kumbuyo. Pagalaundi ya anthu ochepa sungabisale, ukasowa timu siikwana.

Za tsogolo la timuyi sindikunamizani. Ana a alimi akupitabe ku mizinda ngati kwa a Barry, ngati kwathu. A Barry eni ake mawondo atha. Chimene chatipulumutsa pakadali pano ndi ife obwera, amene timagwira ntchito m'nyumba za okalamba za m'midzi imeneyo. Ndinakokerako Amalawi awiri, Mulenga anabweretsa Azambia anzake, ndipo mmodzi wa ku Zimbabwe amathamanga ngati akuthawa ngongole. Malamulo sitiwadziwa bwino, timaluza kawirikawiri, ndipo mlimi wina wokalamba amadandaula kuti m'shedi mwayamba kumveka zilankhulo zimene sazimva. Koma iye yemweyo ndiye amatibweretsera mazira. Mwina chaka chamawa timu idzakhalapo, mwina ayi. Amene muli ndi miyendo ndi Loweruka lopanda chochita, mundipeze tikamamwa tiyi. Koma agoloboyi akale muneneretu, tikuikeni kutali ndi mapolo.

Nditsirize ndi za kunyumba, chifukwa ndikudziwa kuti amayi mukudikira zimenezo.

Chitseko chija chinatsegulidwanso patapita masabata, ndipo Lachisanu lililonse ndinkakhala kukhitchini. Tinayamba kulankhulana pang'ono, za sukulu ya mwana, za maliro a kumudzi. Koma lamulo silinasinthe, nthawi yoweruka ikayandikira ndinkanyamula thumba n'kutuluka. Mwana wanga ndinkangomuonera patali kutchalitchi. Kenaka chilimwe chinatha, masewero anatsekedwa, majezi ndinawachapa komaliza n'kukawasiya m'nkhokwe ya a Barry. Lachisanu lotsatira ndinadzuka ndilibe chonyamula. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi ndinkabisala kumbuyo kwa thumba, ndipo sindinanenepo chimene ndinkafuna. Ndinaopa kwambiri, kuposa tsiku loyamba lija. Ndinapitabe.

Anatsegula, n'kuyang'ana paphewa panga.

"Thumba lili kuti?"

"Masewero atha, mayi. Mpaka chaka chamawa."

"Ndiye?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, ndi mavesi omwe. Onse anathawa. Ndinati, "Ndilibe chochapa. Ndabwera ine. Ndinakulakwirani, inu ndi mwana, ndipo ndikufuna kubwerera kwathu. Ngati si lero ndidikira."

Anandisiya ndili chiimire pakhomo, iwo n'kubwerera ku sinki. Anatsuka kapu imodzi nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo ine ndinayamba kubwerera m'mbuyo chifukwa nthawi yanga yochoka inali itakwana.

"Mukupita kuti? Khalani pansi. Akupezeni."

Tadala analowa ndi chikwama chake kumsana. Atandiona anaima. Anali atatalika, tsitsi analuka mwina mwake mmene sindinamuonepo. Sanandithamangire. Anayang'ana mayi ake, mayi ake anagwedeza mutu. Anabwera pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi nkhope yanga. Ndinatambasula manja, ndikuganiza kuti akufuna kundikumbatira. Ayi. Mwana wanga anandinunkhiza. Palibe anamutuma, anaphunzira yekha kalekale, masiku amene ndinkaganiza kuti ndi wamng'ono sakuona kanthu. Atamaliza anatembenukira kwa mayi ake n'kunena m'Chingerezi chake chija kuti ndikununkha sopo. Kenaka anakhala pamwendo panga, chikwama chili kumsana.

Abale anga, musaombe m'manja, nkhaniyi sinathe. Ndikugonabe pa sofa ya Mulenga. A boma aja akubwerabe kudzaona, ndipo ali ndi chifukwa. Mayi a Tadala anandiuza kuti chikhululuko anapereka, koma chikhulupiriro ndichita kugwirira ntchito, ndipo sindinatsutse. Lero tabwera limodzi pa sitima, ali muno, ndipo chonde musatembenuke kuwayang'ana, anandichenjeza kale. Kiyi sanandipatse. Ndikafika ndimagogodabe ngati mlendo, n'kudikira. Koma masiku ano ndimagogoda khomo la kumaso, ndipo amene amathamangira kudzatsegula ndi Tadala.